Konsati Yopanda Otamba: Zimene Kamela Inasunga za Pink Floyd

Mu October 1971, anyamata anayi a ku England anatsitsa zoimbila zawo m'bwalo lakale la mzinda wa Pompeii, ku Italy, n'kuyamba kuimba dzuwa lili phwee. Panalibe matikiti. Mipando ya miyala, imene kale inali kukhala anthu pafupi-fupi 20,000, inalibe munthu. Amene analipo ni ojambula, anchito okoka zingwe, na ana ocepa a kumeneko amene anabwela kudzasuzumila. Gululo linali Pink Floyd, ndipo filimu imene inatuluka pa masiku amenewo, Live at Pompeii, ikali kutambidwa mpaka lelo. Mu 2025, patapita zaka zoposa 50, anaikonzanso n'kuibweza m'nyumba zotambila mafilimu m'maiko ambili, ndipo cimbale ca nyimbo zake cinafika pa nambala 1 ku Britain.

Ambili a ife tinakumana na Pink Floyd pa sikipa ya pa salaula tisanamveko olo nyimbo yawo imodzi: nsalu yakuda, kagalasi ka makona atatu, kuwala kolowa koyela n'kutuluka monga utawaleza. Ena tinawapeza pa YouTube usiku, pamene ma bundle achipa. Tikatsatila makonsati awo amene anajambulidwa, kucokela mu 1971 mpaka 2005, tipeza nkhani imene ikhudza aliyense woimba kapena wokonda nyimbo. Cimene dziko limakumbukila ca gulu la oimba ni cimene munthu wina anajambula, cinasungika bwino, ndipo mwini wake analola kuti cituluke. Zotsalazo zimapita pamodzi na anthu amene analipo.

Gulu lake na nyimbo zake

Pink Floyd inayamba ku London mu 1965. Oyambitsa anali Syd Barrett, Roger Waters, Richard Wright na Nick Mason. Atatu othelawo anadziwana ku koleji pamene anali kuphunzila kulemba mapulani a nyumba. Barrett ndiye anali kupeka nyimbo zambili, koma mutu wake unayamba kusokonezeka, ndipo mankhwala osokoneza bongo anawonjezela vutolo. David Gilmour, mnzake wa ku Cambridge, anabwela kudzathandiza pa gitala, ndipo pofika mu April 1968 Barrett anali atacoka m'gulu.

Nyimbo zimene otsalawo anayamba kuimba ni zimene zimachedwa progressive rock, kapena prog mwacidule. Nyimbo ya pa wailesi ya nthawiyo inali ya mamineti atatu: vesi, kolasi, vesi, basi yasila. A prog anakana muyezo umenewo. Nyimbo imodzi inali kutenga mamineti 10 kapena 20, yokhala na zigawo monga nthano yaitali, yobweleka ku jazi na ku nyimbo za okestra, yodzala na mawu a makina atsopano amene khutu linali lisanamvepo. Magulu monga Yes, Genesis, King Crimson na Emerson, Lake & Palmer anali m'njila imodzi-modzi. "Echoes" ya Pink Floyd, ya pa cimbale ca Meddle ca mu 1971, ni ya mamineti 23, ndipo inadzaza mbali yonse imodzi ya lekodi. Nyimbo yotelo siingakwane pa pulogilamu ya pa TV ya nyimbo zochuka. Kuti munthu aone mmene anthu anayi cabe amaipangila, anafunika kupezeka pa konsati, kapena wina amujambulile.

Ndipo TV siinali yodalilika posunga zinthu. Mu July 1967 gululo linaonekela katatu pa pulogilamu ya BBC ya Top of the Pops, Barrett akali mtsogoleli. Matepu a vidiyo anali odula, conco mwambo unali wofuta zakale n'kujambulapo zatsopano. Zonse zitatuzo zinafutidwa. Kope imodzi yowonongeka, imene munthu wina anajambula payekha, inapezeka mu 2009.

Masiku anayi ku Pompeii

Nzelu yopita ku Pompeii siinali ya oimbawo. Inali ya Adrian Maben, wopanga mafilimu amene anali kugwila nchito ku France. Malinga na mmene iye amafotokozela, anapita ku Pompeii kukaceza, n'kutaya pasipoti, ndipo m'madzulo anabwelela m'bwalo lakalelo kukaifuna-funa. Atapezeka yekha m'malo a zii amenewo, anaona kuti nyimbo za Pink Floyd zingamveke bwino mmenemo. Mu 1970 kunali kutatuluka filimu ya Woodstock, yoonetsa khamu la anthu pafupi-fupi 400,000 m'matope, ndipo mafilimu a makonsati anali kukonda kuonetsa nkhope za otamba akukuwa. Maben anafuna kucotsa khamu lonse kuti kamela iyang'ane manja a oimba cabe.

Malowo anali na mbili yawo-yawo ya otamba. Bwaloli linamangidwa ca m'ma 70 BC, ndipo ni limodzi mwa mabwalo a miyala akale kwambili a Aroma amene akalipo. Mmenemo amuna anali kumenyana na malupanga kuti khamu lisangalale. Mu 59 AD otamba a ku Pompeii na a mzinda woyandikana nawo wa Nuceria anayambana mpaka kuphana, ndipo boma la Roma linaletsa masewelawo kwa zaka 10. Mu 79 AD phili la Vesuvius linaphulika n'kukwilila mzinda wonse na phulusa.

Vuto loyamba la Maben linali limene ise tilidziwa bwino: malaiti. Oimbawo anakana zongoyendetsa milomo motsatila tepu yojambulidwa kale. Anafuna kuimba zeni-zeni, conco zokuzila mawu zawo zonse zinabwela pa malole kucokela ku England. Atafika anapeza kuti mphamvu ya malaiti ya pamalopo siikwanila. Masiku anatayika, mpaka anakoka cingwe citali kucokela m'tauni, kudutsa m'misewu, kufika m'bwalo. Nthawi imene inatsala inakwanila nyimbo zitatu cabe: "Echoes", "A Saucerful of Secrets" na "One of These Days". Zinazo anakazijambulila mu situdiyo ku Paris mu December. Mukayang'anitsitsa Richard Wright, mudzaona kuti m'zigawo zina ali na ndevu, m'zina alibe. Za ndevu ni za ku Pompeii, zopanda ndevu ni za ku Paris. Ku Paris komweko n'kumene anajambula kanyimbo kamene galu amalila pa maikolofoni Gilmour akuliza harmonica.

Pa "One of These Days", pafupi-fupi nyimbo yonse kamela ili pa Nick Mason, woliza ng'oma. Cinacititsa n'cakuti mafilimu ena amene anali na oimba enawo anasowa, ndipo Maben anasewenzetsa zimene zinatsala. Ndiye cifukwa cake timaona kamtengo kolizila ng'oma kakupulumuka m'dzanja la Mason, iye n'kutenga kena popanda kuphonya kugunda. Kutayika kwa filimu ndiko kunapatsa woliza ng'oma mamineti ake ochuka kwambili.

Filimuyo inaonetsedwa koyamba ku Edinburgh mu September 1972, ili ya ola limodzi cabe. Poona kuti yafupika, Maben anapita ku situdiyo ya Abbey Road ku London kukawonjezela zithunzi za gululo likugwila nchito pa cimbale catsopano, likukamba nkhani na kudya m'kantini. Cimbaleco cinali The Dark Side of the Moon, ca kagalasi kaja ka pa sikipa. Cinatuluka mu March 1973, cinakhala pa mndandanda wa zimbale zogulidwa kwambili ku America kwa zaka zoposa 14, ndipo cagulitsa makope oposa 45 miliyoni. Mwamwayi cabe, kamela inawagwila ali pakhomo pa kuchuka, akali anyamata oonda, ena osavala malaya, akuseka na kutsutsana za cakudya.

Zaka zimene kamela inaphonya

Kucokela mu 1973 mpaka 1977, Pink Floyd inali pacimake. Pambuyo pa The Dark Side of the Moon panabwela Wish You Were Here mu 1975 na Animals mu 1977. Makonsati anali na sikilini yaikulu yozungulila kumbuyo kwa oimba, zokuzila mawu m'makona onse anayi a holo, ndipo mu 1977 cinkhumba cofufumitsa na mpweya cinali kuyandama pamwamba pa khamu. Koma palibe filimu yathunthu ya konsati ya zaka zimenezo imene gululo linatulutsa. Zilipo ni tuzidutswa: nkhani za pa TV, tumafilimu twa otamba amene analowetsa kamela mobisa, na matepu a mawu.

Ndalama zinalipo. Cimene cinalibe ni msika. VHS inayamba kugulitsidwa mu 1976, ndipo panapita zaka kuti ifike m'nyumba zambili. Filimu ya konsati inafunika kudzilipila m'nyumba zotambila mafilimu. Ndiponso siteji ya mdima, yodalila kuwala kwa mitundu-mitundu, inali yovuta kuijambula bwino na makamela a nthawiyo. Zotulukapo zake n'zakuti zaka zimene okonda gululi amati ndizo zabwino koposa, ise sitingazitambe.

Pa 6 July 1977, pa konsati yothela ya ulendo wa Animals, m'sitediyamu ya Olympic ku Montreal, Roger Waters anakwiya na khamu lacongo, ndipo anathila mata munthu mmodzi amene anali kutsogolo. Pambuyo pake anayamba kuganiza za cipupa colekanitsa oimba na otamba. M'menemo ndimo munacokela cimbale ca The Wall ca mu 1979. Pa makonsati ake, mu 1980 na 1981, anchito anali kumanga cipupa ca njelwa za makatoni, cotalika mamita pafupi-fupi 12, gululo likuimba. Pofika pakati pa konsati, otamba sanali kuonanso oimba. Kumapeto cipupaco cinali kugwa. Zinali zodula na zolema kunyamula cakuti anacita makonsati 31 cabe, m'malo anayi: Los Angeles, New York, London na Dortmund.

Ulendo uno makamela analipo. Makonsati a ku Earls Court, ku London, a mu June 1981, anajambulidwa n'colinga cakuti alowe m'filimu ya The Wall. Koma filimu imene Alan Parker anatulutsa mu 1982, mmene Bob Geldof ndiye wosewela wamkulu, siinasewenzetse zithunzizo. Waters anacoka m'gulu mu 1985, nkhani ya dzina inafika kwa maloya, ndipo pa kugawana kwa mu 1987 Gilmour na Mason anatenga dzina la Pink Floyd, Waters anatenga za The Wall. Mawu a makonsatiwo anatuluka pa CD mu 2000. Filimu yathunthu siinatulukebe. Inajambulidwa, inasungidwa, koma ili m'cipinda cokhoma.

Zaka za ukulu

Pamene Gilmour, Mason na Wright anabwelela pa msewu mu 1987, zinthu zinali zitasintha. Kunali MTV, kunali mavidiyo a kunyumba, ndipo konsati yojambulidwa inali malonda paokha. Delicate Sound of Thunder inajambulidwa ku Nassau Coliseum, ku New York, mu August 1988, motsogoleledwa na Wayne Isham. Pa siteji panali anthu 11, ndipo kamela inali kuthela nthawi yambili pa utsi na mizele ya kuwala kupambana pa zala za oimba. Mu November caka cimeneco, oyenda m'mlengalenga a ku Soviet Union ananyamula kaseti ya konsatiyo pa ulendo wawo wa ku siteshoni ya Mir.

Pa 15 July 1989 anaimbila ku Venice, pa siteji yoyandama pa madzi moyang'anana na bwalo la St Mark, kwaulele. Akulu-akulu a mzinda anaopa kuti congo cingawononge nyumba zakale, conco analamula kuti mawu acepetsedwe. Anthu pafupi-fupi 200,000 anadzaza mzinda umene sunakonze zimbudzi zokwanila kapena malo ogona. TV inaulutsa konsatiyo m'maiko oposa 20. Amene anatambila kunyumba anaona zokongola: mabwato, magetsi onyezimila pa madzi, zophulitsa za mitundu kumwamba. Okhala mumzindawo anauka m'mawa n'kupeza milu ya zinyalala na anthu ogona m'makhonde. Mkwiyo unakula mpaka meya na khonsolo yake anatula pansi maudindo. Filimu ya konsatiyo imathela pamene nyimbo zathela, ndipo za m'mawa mwake tiyenela kuzifuna m'manyuzipepala.

Ulendo wothela wa gululo unali wa mu 1994, ndipo unathela ku Earls Court na makonsati 14. Usiku woyamba mipando yokwela imene inali na anthu oposa 1,000 inagwa, ambili anavulala koma palibe anafa, ndipo konsatiyo anaisinthila tsiku lina. Pa 20 October, David Mallet anajambula konsati imene inakhala filimu ya Pulse. Mmenemo muli The Dark Side of the Moon yonse, kucokela poyamba mpaka pothela. Kwa ambili a ife, uku ndiko kuona cimbale ca mu 1973 cikuimbidwa, koma oimba ali na zaka pafupi-fupi 50, ndipo Waters, amene analemba mawu ake onse, palibe.

Pali cinthu cimodzi cimene aliyense wojambula afunika kucidziwa pa mafilimu amenewa. Pompeii na Delicate Sound of Thunder anajambulidwa pa filimu ya 35mm. Pulse inajambulidwa pa tepu ya vidiyo ya TV. Filimu imasunga tinthu tambili-mbili kupambana zimene TV ya nthawiyo inali kukwanitsa kuonetsa, conco makina a masiku ano angaiwelengenso n'kutulutsa cithunzi cakuthwa. Tepu ya vidiyo ili na mizele yowelengeka, ndipo cimene sicinalowe pa tsiku lojambula sicingabwele pambuyo. Ndiye cifukwa cake Delicate Sound of Thunder anakwanitsa kuilumikizanso mu 2019 kucokela m'zitini za filimu zoposa 100, ndipo konsati ya mu 1971 ioneka yatsopano pa sikilini yaikulu kupambana ya mu 1994.

Nyimbo zinayi ku Hyde Park

Pa 2 July 2005, Bob Geldof uja wa m'filimu ya The Wall anakonza makonsati a Live 8, kutatsala masiku ocepa kuti atsogoleli a maiko olemela a G8 akumane ku Gleneagles, ku Scotland. Colinga cinali kuwakakamiza pa nkhani ya nkhongole na umphawi mu Africa. Anakwanitsa kunyengelela Waters na Gilmour kuti aimilile pa siteji imodzi ku Hyde Park, koyamba kucokela mu June 1981. Anaimba nyimbo zinayi: "Breathe", "Money", "Wish You Were Here" na "Comfortably Numb". Atatsiliza, Gilmour anayamba kucoka, koma Waters anamukodola, ndipo anayiwo anagwilana m'mapewa. Malonda a zimbale zawo anakwela kwambili m'masiku otsatila, ndipo Gilmour analengeza kuti phindu lake adzalipeleka ku nchito zacifundo.

Apa nkhani yawo ikumana na yathu. Zambia inali limodzi mwa maiko 18 amene nkhongole zawo ku IMF, World Bank na African Development Bank zinayenela kufafanizidwa. Cigamulo cimeneco nduna za zacuma za G8 zinali zitacilengeza kale mu June, konsati isanacitike. Dziko lathu linali litakwanilitsa zofunika za pulogilamu ya HIPC mu April 2005, pambuyo pa zaka zowawa, kuphatikizapo kuimitsa kukweza malipilo a anchito a boma. Machalichi na mabungwe, kupitila mu Jubilee Zambia, anali atakamba za nkhongolezo kwa zaka zambili. Pa siteji ya ku London oimba a mu Africa anali ocepa kwambili, ndipo anthu atadandaula, panakonzedwa konsati ina ku Cornwall, kutali na makamela ambili, kumene kunaimba Thomas Mapfumo, Angélique Kidjo na ena. Lelo munthu akalemba Live 8 pa intaneti, pa zoyamba kubwela pamakhala amuna anayi aja ogwilana m'mapewa.

Kunena zoona, mamineti amenewo ni amtengo wapatali, cifukwa sanabwelezedwe. Syd Barrett anamwalila mu July 2006. Richard Wright anamwalila mu September 2008. Mu July 2016 Gilmour anabwelela m'bwalo la Pompeii na gulu lake, n'kuimba usiku uwili pamaso pa anthu pafupi-fupi 2,600 usiku uliwonse, khamu loyamba kutamba cionetselo mmenemo kucokela pamene phili linaphulika. Anaimba "One of These Days", koma "Echoes" anaisiya, cifukwa kwa iye nyimboyo inali kukambilana kwa gitala yake na zala za Wright. Amene afuna kuona kukambilana kumeneko m'bwalo lija ayenela kubwelela ku filimu ya Maben.

Nayonso inatsala pang'ono kutayika. Kwa zaka zambili filimu yeni-yeni imene inali m'makamela siinali kudziwika kumene ili. Lana Topham, amene amayang'anila zokonzanso mafilimu a gululi, anaifuna-funa kwa zaka, ndipo potsilizila pake anaipeza m'nkhokwe ya gulu lomwelo, m'zitini zisanu zolembedwa mosokoneza. Kucokela mmenemo ndimo munatuluka kope ya mu 2025, mawu ake atasakanizidwanso na Steven Wilson. Gulu lolemela conco, lokhala na anchito osunga katundu wake, linakhala na cuma cake m'nyumba osadziwa, cifukwa ca cizindikilo colakwika pa citini.

Nanga za kwathu?

M'zaka zomwezo pamene Maben anali kukoka cingwe ku Pompeii, anyamata a ku Kitwe, Ndola na Lusaka anali kuliza magitala aukali. Anamvela Jimi Hendrix, Rolling Stones na James Brown, n'kusakaniza na kagundidwe ka kuno, ndipo panabadwa cimene cimachedwa Zamrock: WITCH ya a Emmanuel "Jagari" Chanda, Musi-O-Tunya ya a Rikki Ililonga, Amanaz, na Ngozi Family ya a Paul Ngozi. Pakati pa zaka za m'ma 1970, boma la a Kenneth Kaunda linalamula kuti 95 pelesenti ya nyimbo za pa wailesi zikhale za kuno. Malekodi anali kudindidwa ku Teal, ku Ndola, ndipo Zambia Music Parlour ya a Edward Khuzwayo inali kuwatulutsa. Akulu athu amasimba za makonsati amene anali kufika mpaka m'mawa, a Jagari akulumpha kucokela pamwamba, anthu akukankhana pakhomo.

Timamva cabe. Zithunzi zoyenda za magulu amenewa ali pa siteji m'zaka zimenezo n'zocepa ngako. Mtengo wa kopa unagwa ca m'ma 1975, ndalama zinasowa, malamulo oletsa kuyenda usiku anapha makonsati, disiko inalowa m'malo, ndiyeno AIDS inatenga oimba ambili. A Paul Ngozi anamwalila mu 1989. A Jagari anakhala mphunzitsi, pambuyo pake anapita kukakumba miyala ya mtengo wapatali.

Cimene cinapulumutsa Zamrock ni malekodi, cifukwa ndico cinthu cogwilika cimene cinatsala. Osonkhanitsa malekodi akale anawapeza, kampani ya Now-Again ya ku America inayamba kuwadindanso, ndipo mu 2019 Gio Arlotta wa ku Italy anatulutsa filimu ya mbili ya WITCH. Gululo linabwelela pa siteji, n'kutulutsa cimbale catsopano, Zango, mu 2023. Travis Scott anatapa mawu a Amanaz mu 2023, Tyler, the Creator anatapa a Ngozi Family mu 2024, ndipo Sampa the Great wakhala akukumbutsa dziko kumene magitala amenewa anacokela. Zonsezi zinatheka cifukwa mawu anasungika. Koma mmene a Paul Ngozi anali kuimilila, mmene anali kugwilila gitala, mmene holo inali kuyankhila, zambili zatsala m'mitu ya anthu amene manje ali na zaka za m'ma 60 na 70.

Ise tili na cimene Maben analibe. M'thumba la aliyense muli kamela imene siifuna cingwe cocokela ku tauni. Pa konsati iliyonse mu Lusaka mafoni mazana amakhala m'mwamba. Koma tidzifunse kumene mavidiyo amenewo amathela. Kavidiyo kakafupi pa status, maola 24, basi. Foni ikabedwa kapena memory ikadzala, zapita. Vidiyo imene yayenda pa WhatsApp yafinyidwa, ndipo monga tepu ya Pulse, cimene cacokamo sicibwelela. Tingadzakhale m'badwo umene unajambula kwambili kupambana yonse n'kusiya zocepa.

Mbili ya Pink Floyd itionetsa malo atatu pamene konsati imatayikila. Imatayika pamene palibe wojambula, monga zaka za 1973 mpaka 1977. Imatayika posunga, monga matepu ofutidwa a mu 1967 na zitini zolembedwa molakwika. Imatayikanso pamene eni ake ayambana, monga The Wall. Conco ngati muli na gulu, kapena mumakonza makonsati, kapena ndimwe mnzawo wa oimba amene ali na kamela yabwino, jambulani konsati yonse, na mawu ocokela pa makina osakanizila. Sungani fayilo yoyamba yosafinyidwa m'malo awili osiyana. Lembani tsiku, malo na maina a onse amene anali pa siteji, mpaka woliza ng'oma. Gwilizanani pa pepala, mukali kumvana, kuti vidiyoyo ni ya ndani.

Ndipo ngati kunyumba kuli amalume kapena ambuya amene anavinako WITCH ku Mindolo kapena Ngozi Family mu Lusaka, khalani nawo pansi sabata ino, foni ili na caji, muwafunse mmene zinalili. Funsaninso za katoni ija ya zithunzi na matepu ili pamwamba pa wadilopu, isanapite kudzala pa tsiku losamuka.